Musanaseke maliboni a hatchi, kaoneni khosi la bulu

Mlamu wanga amagwira ntchito yosamalira mahatchi ku Joni, kudera la Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, kumene kuli makola ambiri a mahatchi a mipikisano ndipo Amalawi ogwira ntchito imeneyi ndi ochuluka ndithu. Atabwera kumudzi pa Khirisimasi anadzakhala pabenchi la saluni yanga pa Nsungwi, mu Area 25 muno mu Lilongwe, kudikira kuti ndimalize kuluka mkazi wake, yemwe ndi mng'ono wanga. Anayang'ana zala zanga kwa kanthawi, kenako anati, "Alamu, apo pachipumi mukukoka kwambiri. Kuntchito kwathu mukanatero akanakuuzani kuti mumasule muyambirenso."

Amayi amene anali pamzere anaseka mpaka kugwira nthiti. Mwamuna wandevu zake, wa ana atatu, kumaphunzitsa ine kuluka? Iye sanakwiye. Anatulutsa foni n'kutionetsa kahatchi kakang'ono, ka mtundu umene amati poni, katalukidwa khosi lonse kuyambira kumakutu mpaka kumapewa, timfundo tofananafanana ngati tayezedwa ndi lula. Analuka yekha, ndi singano ndi ulusi, kusanache. Phwete linawirikiza. Mayi wina anati, "Anthu akakhuta amasowa chochita."

Ine ndinaseka nawo pang'ono, koma maso anga anali pa ntchitoyo, ndipo ntchitoyo inali yabwino. Ndikulemba lero kuti ndinene kuti mwambo umene tinausekawo uli ndi nzeru imene ife a mu 25 tikuisowa, ndipo amene akuvutika ndi kusowa kwake ndi nyama imene imadutsa pakhomo pathu m'mawa uliwonse.

Ndiyambe ndi m'mene amachitira, poti monga woluka ndinafunsa mafunso ambiri. Manyenje a hatchi amawatsuka dzulo lake, koma osapaka mafuta ofewetsa, chifukwa tsitsi loterera siligwira. Tsiku la chionetsero amawanyowetsa, kuwapesa, n'kuwagawa m'zigawo zofanana. Chigawo chilichonse amachiluka ndi nthambi zitatu monga timachitira ife, kusoka kunsonga, kupinda, n'kusokanso kuti chikhale kamfundo kolimba. Mwambo wa ku England ndi woti timfundoti tikhale mbali ya kumanja kwa khosi, ndipo achikale amafuna kuti pakhosi pakhale nambala yosagawika pawiri, kuti ukawerengera ndi tsumba la pachipumi zikwane bwino. Maliboni enieni ali ndi malo awo. Ku America, maponi a mtundu wa American Shetland ndi mahatchi a Saddlebred amawalukira maliboni aatali m'tsumba la pachipumi ndi m'chigawo choyamba cha manyenje, kuseri kwa makutu, ndipo mtundu wa liboni amaufananitsa ndi lamba wa pachipumi kapena ndi mitundu ya khola la mwini wake. Ku England zimphona zokoka katundu za mtundu wa Shire amazilukira nsalu yoyenda pamwamba pa khosi lonse, n'kuzikapo timbendera toimirira. Koma maponi a m'mapiri a ku Britain, monga Shetland weniweni wa kuzilumba za Scotland, amalowa m'bwalo manyenje ali omasuka, ndipo kuwaluka n'kulakwira malamulo a chionetsero. Nanenso ndili nawo makasitomala otero, ofuna tsitsi lawo lachibadwa basi, ndipo nthawi zambiri ndi amene amadziwa kulisamala.

Palinso maliboni olankhula. Lofiira kumchira limatanthauza kuti hatchi iyi imaponya mateche, musayandikire kumbuyo. Lobiriwira limati iyi ndi yaing'ono, sinazolowere gulu.

Kuseka kwa amayi aja ndikukumvetsa. Mwana wa mu 25 akhoza kumaliza Fomu 4 asanaonepo hatchi ndi maso, kupatula pa TV ndi pazithunzi za m'mabuku a Sande sukulu. Mahatchi kuno ndi owerengeka: ena ali paphiri la Zomba, ena ku Kande m'boma la Nkhata Bay kumene alendo amakwera m'mbali mwa nyanja, ena m'mafamu angapo. Dziko lathu siliwakonda. Kashembe amawapatsa matenda, ndipo pali nthenda ina ya mahatchi ya kuno ku Africa, yofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toluma madzulo, imene imapha mahatchi ambiri amene yawagwira. Choncho hatchi kwa ife ndi nyama ya anthu andalama, ndipo liboni pamutu pake limaoneka ngati kutonza amphawi. Mkwiyo umenewu si wopanda maziko. Mu 2018 osamalira mahatchi a mipikisano ku Randjesfontein, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, ananyanyala ntchito chifukwa cha kuchepa kwa malipiro. Manja amene amakongoletsa hatchi yodula nthawi zambiri ndi a munthu wogona m'kachipinda kuseri kwa khola, wotumiza kumudzi ndalama zosakwana fetereza.

Zonsezo n'zoona. Koma ndimvereni pa chinthu chimodzi chimene ndimachidziwa kuposa ambiri a inu, chifukwa ndimadyera momwemo. Sungaluke mutu umene sunauyang'ane. Mwana akakhala pakati pa miyendo yanga, ndisanagwire meshi, ndimayamba ndagawa tsitsi ndi chipeso mzere ndi mzere, ndipo khungu lonse la m'mutu limaonekera. Zipere ndimaziona ndine. Nsabwe, mfundu, kachilonda kobisika kuseri kwa khutu, nthawi zina chotupa chimene mwana safuna kunena kuti chinabwera bwanji. Kangapo konse ndakhala woyamba kuuza mayi kuti apite naye mwana kuchipatala, mayi woti amagona naye nyumba imodzi. Si kuti mayiyo sakonda mwana wake. Kungoti pa tsiku palibe ola limene amakhala pansi n'kumuyang'ana m'mutu mwadongosolo.

Wosamalira hatchi amachita zomwezo. Kulukira liboni ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ntchito yeniyeni ndi ya maola a m'mbuyo mwake: kupukuta thupi lonse ndi burashi, kunyamula mwendo uliwonse n'kuchotsa timiyala m'ziboda, kupapasa miyendo kuti amve ngati pena patentha, kufufuza nkhupakupa m'manyenje ndi pansi pa mchira. Nyama imene imagwiridwa chotere tsiku ndi tsiku siingakhale ndi bala sabata yathunthu mwini wake osadziwa. Ndipo nyama imene imamenyedwa kumutu siingaime chilili kuti uiluke pachipumi. Ikaona dzanja likukwera imathawitsa mutu.

Tsopano dzukani m'mamawa, muime m'mbali mwa msewu wolowera ku Dzenza, kapena kumapuloti atsopano kumene anthu akumanga usiku ndi usana. Mudzaona ngolo zikulowa ndi njerwa, mchenga, nkhuni, matumba a chimanga nthawi yokolola. Zina zimakokedwa ndi ng'ombe, zina ndi abulu. Nyumba zambiri zimene tikuchitamo lendi zinamangidwa ndi njerwa zobwera chotere, m'misewu imene lole imakana kulowa mvula ikagwa. Ngolo ikaima kuti atsitse katundu, yandikirani, muyang'ane pamene pakhala goli.

Goli ndi chida cha ng'ombe. Ng'ombe yathu ili ndi linunda ndi khosi lokhuthala, ndipo mtengo ukakhala kutsogolo kwa linundalo umapeza potsamira. Bulu alibe linunda. Khosi lake ndi lalitali, lopyapyala, ndipo mphamvu zake zokokera zili pachifuwa ndi m'mapewa. Ukamusenzetsa goli, kulemera kwa chitsulo chokokera ngolo ndi gawo la katundu yense zimagwera pamwamba pa khosi, mtengo n'kumapekesa khungu pa phazi lililonse. Ubweya umayamba wathothoka, kenako khungu limasupuka, kenako pamakhala bala lofiira losapola chifukwa mawa lake goli libwereranso pomwepo. Ntchentche zimadziwa malowo. Mankhwala amene ndimaona anthu akupaka ndi oyilo wakuda wotsala ku galimoto, kapena phulusa.

Kwathu ku Dowa bambo anga anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. M'zaka za m'ma 1990 umbava wa ng'ombe utakula, khola linatsala lopanda kanthu usiku umodzi. Iwo, monga anzawo ena, anagula abulu, poganiza kuti nyama yosadyedwa mbava siiifuna. Ngolo inali yomweyo, goli lomwelo. Sanali munthu wankhanza. Panalibe amene anawauza kuti nyama yasintha ndiye chida chisinthenso, ndipo buluyo sanadandaule. Apa ndi pamene bulu amadzipweteka yekha: chibadwa chake n'chobisa ululu. Hatchi ikamva kuwawa imadumpha, imalusa, aliyense amadziwa. Bulu amangozyolika n'kuchepetsa liwiro. Ife timati ndi waliuma, n'kutenga chikwapu.

Ndipo amene amagwira chikwapucho kawirikawiri si mwini bulu. Ndi mnyamata waganyu, wina woti akanayenera kukhala m'kalasi, wolipidwa malinga ndi maulendo amene wayenda. Ulendo wowonjezera ndi ndiwo zake za madzulo. Mukamuuza kuti apumitse nyama masana dzuwa lili paliwombo, mukumuuza kuti adule malipiro ake.

Njira yothetsera bala la pakhosi ndi yodziwika ndipo si yodula. Bulu amafuna lamba wotambalala wodutsa pachifuwa, wofewa mkati, ndi kachishalo pamsana konyamula kulemera kwa ngolo. Amisiri amatha kusoka zimenezi ndi zinthu zopezeka pamsika. Bungwe la LSPCA, loona za ufulu wa zinyama muno mu Lilongwe, lakhala likuyendera eni abulu m'midzi yozungulira mzinda, kuwapatsa chithandizo cha mankhwala ndi kuwaphunzitsa za malamba amenewa. Lamulo loletsa kuzunza nyama, la Protection of Animals Act, nalonso lilipo m'mabuku athu kuyambira nthawi ya atsamunda. Koma tinene zoona: ndi wapolisi uti adzasiye za mbava n'kumathamangitsa ngolo chifukwa cha khosi la bulu? Ndipo maphunziro a pansi pa mtengo, munthu amawamvera, kulandira botolo la zakumwa, n'kubwerera ku goli lake.

Chimene chimatisuntha ife ndi kunyada pamaso pa anzathu. Taonani anyamata a kabaza pa siteji. Palibe lamulo lowauza kuti aike mphonje kukhushoni, magalasi awiri, timabelu, ndi mawu olembedwa kumbuyo. Amachita okha, ndi ndalama yochepa yomweyo, ndipo njinga yokongoletsedwayo ndi imenenso mabuleki ake amagwira, chifukwa mwini wake amaipukuta tsiku lililonse n'kumaona pamene nati yamasuka. Ndiye musandiuze kuti kukongoletsa chimene ukudyerapo ndi khalidwe la anthu okhuta.

Anthu a ku London anazindikira zimenezi kalekale, pamene mzinda wawo unkayenda ndi mahatchi monga mmene madera athu ena akuyendera ndi ngolo. Mahatchi okoka malasha, mowa ndi zinyalala ankafa ndi ntchito m'misewu. Mu 1885 anthu ena, kuphatikizapo Sir Walter Gilbey ndi Baroness Burdett-Coutts, anayambitsa perete wa mahatchi okoka ngolo, wotchedwa London Cart Horse Parade, wochitika Lolemba lotsatira Pentekoste. Cholinga chinali choti oyendetsa ngolo azinyadira nyama zawo. Asanalowe m'perete, hatchi inkayamba yaonedwa ndi dokotala wa ziweto, ndipo bungwe loteteza zinyama la RSPCA linkapereka mabaji amkuwa kwa osamala bwino. Oyendetsa ngolo, anthu osauka ngati athu omwewa, ankachezera usiku kupukuta zitsulo ndi kulukira maliboni m'manyenje, ndipo m'mawa mwake banja lonse linkakwera ngolo kupita ku Regent's Park. Mu 1904 anayambitsanso perete wina wa mahatchi okoka ngolo zopepuka, ndipo mu 1966 awiriwa anawaphatikiza kukhala London Harness Horse Parade, amene akuchitikabe Lolemba la Pasaka. Maliboni amene amayi aja ankawaseka anavalidwa ndi nyama zantchito, za anthu ogulitsa malasha.

Wina anena kuti ndi za azungu. Chabwino, tiyeni ku Kenya. Pa chilumba cha Lamu, tauni ya tinjira topapatiza mmene katundu amayenda pamsana pa abulu, bungwe la The Donkey Sanctuary linatsegula chipatala cha abulu mu 1987, ndipo kumachitika mipikisano yosankha bulu wosamalidwa bwino. Dziko la Kenya lili ndi tsiku lokumbukira abulu, pa 17 May, ndi ntchito yophunzitsa oyendetsa ngolo yotchedwa Heshimu Punda. Akenya si olemera kuposa ife moti n'kusowa chochita.

Ndiye pempho langa kwa khonsolo ya mzinda, makhansala athu, mafumu a m'midzi yozungulira ndi alangizi a ziweto ndi ili. Pazionetsero za ulimi timaona chimanga, mbuzi, nkhuku, ng'ombe za mkaka, koma nyama yonyamula zonsezo kupita nazo kumsika imatsala panja pa mpanda itamangidwa pamtengo. Tipatule Loweruka limodzi m'chilimwe, anthu atakolola, m'mwezi wa July kapena August, pabwalo la mpira lililonse la muno mu 25, tiitane eni ngolo onse. Oweruza akhale alangizi a ziweto ndi ophunzira za udokotala wa ziweto a ku yunivesite ya LUANAR, amene akufunika kugwira nyama zenizeni asanalandire digiri. Lamulo loyamba likhale loti goli kapena lamba achotsedwe nyama isanaweruzidwe. Ayang'ane khosi, chifuwa, msana, ziboda, pansi pa mchira. Kenako auze woyendetsa kuti akweze dzanja pafupi ndi mutu wa bulu wake, aone ngati nyamayo iima kapena ithawitsa mutu. Mphoto zisakhale zikho zokaika pa kabati. Zikhale malamba a pachifuwa, thumba la gaga, mankhwala a njoka za m'mimba. Ogulitsa simenti ndi malata pa Nsungwi, amene katundu wawo amafika kumapuloti ndi ngolo zomwezi, akhoza kugula zimenezi osamva kuwawa, osanenanso za makampani a ku Kanengo amene tayandikana nawo.

Ndipo maliboni akhalepo. Ndayang'anitsitsa mutu wa bulu ndi diso la woluka, ndipo ndikuuzeni kuti ndi kasitomala wovuta. Manyenje ake ndi aafupi, oimirira ngati burashi, ndipo tsumba la pachipumi alibe loti n'kugwira. Liboni liyenera kumangidwa pachingwe cha kumutu. Zidutswa za zitenje zimene atelala amasesa madzulo n'zokwanira abulu onse a m'dera lino.

Ndikudziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo m'mabwalo a mahatchi nyererezo zilimo. Ku America kuli mtundu wotchedwa Tennessee Walking Horse, umene umalowa m'bwalo utavala maliboni okongola pachipumi ndi pakhosi, ukuponya miyendo yakutsogolo m'mwamba modabwitsa. Ena mwa ophunzitsa mahatchiwa ankawapaka mankhwala owotcha pamwamba pa ziboda kuti nyama izinyamula mwendo msanga pothawa ululu. Zinafika poti boma la America linakhazikitsa lamulo la Horse Protection Act mu 1970, ndipo mpaka pano oyendera amagwirabe ena. Kwina ankameta ndevu za pakamwa pa hatchi kuti nkhope ioneke yosalala, chonsecho ndevuzo ndi zimene nyama imamvera zinthu zoyandikira pakamwa pake, ndipo bungwe loyendetsa masewera a mahatchi padziko lonse la FEI linaletsa zimenezi mu 2021. Mpikisano ukangoyang'ana kukongola kokha, anthu amapweteka nyama kuti apambane. Ngakhale mu ntchito yanga zilimo. Pali amayi amene tsitsi la m'mbali mwa chipumi linawathera chifukwa choluka zokoka chaka ndi chaka, ndipo pali ana amene amagona chokhala usiku woyamba. N'chifukwa chake ndaika oweruza odziwa ziweto patsogolo, liboni pambuyo.

Nanga wochenjera amene adzapumitse bulu sabata ziwiri chionetsero chisanafike, bala n'kuuma, kenako n'kubwerera ku goli? Choyamba, sabata ziwirizo buluyo wapumadi, ndipo ndi zambiri kuposa zimene amapeza pano. Chachiwiri, khungu silinama. Pamene panali bala la kupekesa, ubweya umamera woyera, ndipo dokotala amawerenga mabala akale ngakhale atapola.

Funso lolemera kwambiri ndi limene mayi wina anandifunsa ndikumuluka: anthu akugona ndi njala, chipatala mulibe mankhwala, inu mukudandaula za bulu? Yankho langa ndi loti buluyo ndi chakudya cha banja lina. Wosamalidwa bwino akhoza kukhala zaka 25 kapena kuposa, pamene wa mabala amafooka msanga ndipo masiku ena sagwira ntchito n'komwe. Akafa, kupeza wina si masewera: bulu amakhala ndi bere pafupifupi miyezi 12, amabereka mwana mmodzi, ndipo mwanayo amatenga zaka asanayambe kukoka. Komanso zimene bambo anga ankakhulupirira, zoti bulu sabedwa, zinatha. Ku China zikopa za abulu amapangira mankhwala otchedwa ejiao, ndipo malonda amenewa anachepetsa abulu m'maiko angapo a mu Africa, mpaka mu February 2024 atsogoleri a African Union, pamsonkhano wawo ku Addis Ababa, anagwirizana zoletsa kupha abulu pofuna zikopa. Nyama imene ife timaipaka oyilo wa galimoto, ena akunja akuiwerengera mtengo.

Chomaliza chimene okonza tsikuli asadzaiwale ndi mnyamata uja. Mphoto ikapita kwa mwini ngolo yekha, yemwe mwina sanaigwirepo nyamayo chaka chonse, palibe chidzasinthe pamsewu wa ku Dzenza. Pakhale mphoto ya woyendetsa, dzina lake litchulidwe pa chimkuzamawu anzake a pa siteji ya ngolo akumva, ndipo ndalama yake apatsidwe m'manja mwake pomwepo, isadzere kwa bwana.